Mbumba Yathu pa Tsamba Lachinayi

Nachisaka,
Dowa.
16 Juni 2024

Wokondedwa mlongo wanga Priscilla,

Ndikhulupirira kalatayi ikupeza uli bwino pamodzi ndi alamu anga ndi ana kumeneko ku Scotland. Kodi chifuwa chimene unkadandaula nacho nthawi yozizira chinaleka? Kuno tadzuka. Chisanu cha Juni chafika ndi ukali wake, m'mawa mapiri saoneka ndi nkhungu, ndipo maondo anga ayambanso kundikumbutsa zaka. Alamu ako ali bwino, shuga wawo wakhazikika. Chimanga tinakolola chochepa poti mvula inadula pakati, koma fodya anatipukutako misozi.

Udabwa kuti ndalemberanji kalata pomwe foni ilipo. Pafoni umandiposa. Umalankhula mothamanga, umaponyamo Chingerezi, kenako umati uli ndi msonkhano, ine n'kutsala ndi mawu pakhosi. Papepala sungandidule. Ndiye khala pansi uwerenge mpaka kumapeto, chifukwa lero sindikulemba ngati mlimi wa fodya. Ndikulemba ngati mwini mbumba.

Nkhani ndi iyi: ukwati wa Abigail, mwana wa mlongo wathu Rute, waima. Chauimitsa ndi pepala lako.

Ndiyambe ndi chimwemwe, poti nachonso chinalipo. Mu Epulo mwana wanga Luke anabwera kuchokera ku Lilongwe ndi nyuzipepala yokhala ndi nkhope yako. Analembamo kuti mwana wa ku Dowa adzalandira mphoto kumapeto kwa Ogasiti chifukwa cha kafukufuku wake pa matenda a makutu, ndi kuti akatswiri anzako atchula zolemba zako maulendo oposa zikwi zisanu ndi zinayi.

Ndinamufunsa Luke kuti kutchulidwako n'kutani. Iye anati munthu wophunzira akamalemba sanena za m'mutu mwake zokha, amayenera kusonyeza kumene watenga mfundo, monga mlaliki atchulira buku ndi ndime. Ndiye iwe akuti wasanduka ndime imene madokotala a dziko lonse sailumpha. Anandionetsa pafoni tsamba lowerengera zimenezi, nambala yake imakwera yokha iwe uli m'tulo. Panalinso nambala ina imene akuti imayeza kulemera kwa katswiri ngati sikelo ya ku okushoni. Imeneyo sindinaimvetse, koma Luke anati yako ndi yolemera ndithu.

Ndinanyada, ndisaname. Nyuzipepala ija ndinayenda nayo m'thumba la jekete mpaka inang'ambika mopinda. Abusa anailengeza m'tchalitchi. Anzanga a pabawo anafika pomandifunsa ndisanakhale pansi ngati lero tisewera kapena tiwerenganso za a Pulofesa.

Luke anandilozera pepala la pamwamba penipeni, lotchulidwa kuposa onse, nati ndi loyamba lija unalemba ukumaliza maphunziro, lonena za banja lina la m'chigawo chapakati. Ine ndinangoti zikomo Ambuye. Sindinadziwe kuti ndikuombera m'manja manyazi anga omwe.

Abigail sunamuone chiyambire ntchito, choncho ndikuuze. Akuphunzitsa sitandade sikisi pasukulu ya kwathu konkuno, ndi mtsikana wodekha, woimba kwaya. Mnyamata wake ndi Caleb wa ku Ntchisi, mlangizi wa zaulimi. Zonse zinayenda mwa mwambo. Anadzafunsira, ankhoswe tinadziwana, chinkhoswe tinachiika mu Ogasiti fodya atatha kugulitsidwa, ukwati mu Okutobala. Rute anali atayamba kale kusunga mtedza ndi kunenepetsa nkhuku.

Mwezi watha a Agustino, amalume ake a Caleb amenenso ndi nkhoswe yake, anatumiza uthenga kuti akufuna kundiona. Ndinkayesa ndi za tsiku ndi za zakudya. Anabwera ndi mtsikana wina, Diana, mlongo wake wa Caleb, amene akuphunzira unamwino. Mtsikanayo anali ndi envelopu m'manja, maso ali pansi.

A Agustino ndi munthu wamkulu, waulemu. Anafunsa za mvula, za mitengo ya fodya, za maliro a chaka chatha, mpaka tiyi anazizira. Kenako anatulutsa mapepala mu envelopu muja, nayala limodzi patebulo. Pamwamba pake panali dzina lako. Linali tsamba lachinayi la pepala lako lotchuka lija.

Diana anafotokoza kuti mphunzitsi wawo anaonetsa chithunzi chimenecho m'kalasi pophunzitsa za matenda oyenda m'magazi kudzera mwa amayi, ndi kuti chilimonso m'buku lawo. Iye ataona dzina la wolemba anakumbukira kuti mlamu wake wam'tsogolo ali ndi mayi wamng'ono pulofesa. Anapita nalo kwawo kukanyadira, monga ndinkachitira ine ndi nyuzipepala. Mwanayo alibe mlandu. Amayi ake ndi amene anafunsa kuti nanga timikombero takudato n'chiyani.

Ukudziwa zimene unajambula, koma ndikukumbutse mmene zimaonekera kwa ife osaphunzira. Ndi mtengo wa banja wozondoka, tsinde lili kumwamba. Kamkombero ndi mkazi, kabokosi ndi mwamuna. Kodetsedwa ndi munthu wogontha, kodulidwa ndi kamzere ndi womwalira. Dzina palibe ngakhale limodzi.

A Agustino Chingerezi sachidziwa. Koma Diana atangowauza zinayizo, sanafunenso womasulira. Anaika chala pamwamba nati mayi wobereka mapasa kawiri motsatizana, m'mapiri onse ano anali mmodzi yekha, agogo anu a Nachisale, ndipo amayi anga ankawasimba. Anatsitsa chala pa kabokosi kodulidwa nati awa ndi a Elisha amene anapita ku migodi ya ku Joni osabwerako. Anafika pa timikombero titatu takuda toyandikana nati awa ndi a Lidia, mayi anu, ndi abale awo awiri amene anadwalira limodzi chifuwa chachikulu.

Pansi pa amayi panali kabokosi kamodzi ndi timikombero tiwiri. Mkuluyo anandiyang'ana nati kabokosi aka ndinu, bambo Chisenjere. Ndinadziona ndekha, Priscilla, ndili kumanzere pa mzere wachitatu. Iwe uli kumapeto, Rute ali pakati. Pansi pa Rute pali timikombero tiwiri, Hope ndi mng'ono wake Abigail.

Ndiye anafika pa chimene anadzera. Anati Diana wawerenga kuti mwana aliyense wobadwa mwa mkazi wa mumtengo umenewu amatengera chinthu chimenechi, choncho ana onse a Abigail adzakhala nacho. Anati tsiku lodzafunsira anaona okha kamwana ka Hope kakusewera pabwalo, anthu n'kumakaitana koma iko osacheuka. Kenako anandifunsa mofatsa ngati ine, nkhoswe mnzawo, ndinkadziwa zonsezi n'kuwabisira.

Ndinayankha kuti sindinkadziwa. Anandiyang'ana mwachisoni. Anati zowona, wolemba ndi mlongo wanu wa bere limodzi, magazi ndi anu, ana asukulu a m'maiko akutali akulembera mayeso banja lanu, inu mwini mbumba osadziwa kanthu?

Pamaso pa mlendo ameneyo ndinatsala ndi njira ziwiri, kukhala wabodza kapena kukhala chitsiru. Mpaka lero sindikudziwa chimene anasankha kundiyesa. Mutu ukakula sulewa nkhonya, ndikudziwa, koma nkhonya iyi sinachokere kwa adani.

Ukukumbukira mmene unatengera magazi amenewo? Chinali chaka chimene tinamanga chiliza cha amayi. Mbumba yonse inasonkhana, a ku Mvera, a ku Mponela, ngakhale aja a ku Kasungu amene sabwera ndi pamaliro pomwe. Iwe unafika ndi bokosi la madzi oundana ndi kamakina kovala kumakutu. Unandikokera kuseri kwa nkhokwe n'kundipempha kuti ndilankhule ndi anthu, poti mwayi wowapeza onse pamodzi sudzapezekanso.

Anthu ankaopa. Nthawi imeneyo mphekesera za opopa magazi zinali zisanazizire. Ndinaimirira ine pamaso pa onse n'kunena kuti uyu ndi mwana wathu, akufuna kupeza chimene chinadya makutu a mayi ake, ndipo akachipeza adzatiuza. Ndinapinda malaya n'kuyamba ndine kupereka mkono. Ana unkawapatsa masiwiti. Abigail anali ndi zaka zinayi, analira mpaka Rute anamubereka kumbuyo.

Unachipeza. Dziko lonse unaliuza. Ife unatibweretsera mabulangete, mafoni ndi nsapato za ana, ndipo tikuthokoza. Ndikakufunsa za magazi aja unkati zikufufuzidwabe, ine n'kumakhulupirira kuti za sayansi zimachedwa.

Alendo aja atangochoka ndinakuimbira foni, ukukumbukira. Unandiuza zinthu zitatu, ndipo ndazisinkhasinkha mwezi wathunthu. Tsopano ndikuyankhe.

Unati mayina unachotsa, palibe amene akanatizindikira. Priscilla, unabadwira kuti iwe? Mwina kwanuko munthu ukamuchotsa dzina ndiye kuti wasowa. Kuno munthu sadziwika ndi dzina. Amadziwika ndi amene anamubereka, amene anabadwa naye, ndi amene anamwalira asanakwatire. Iwe unachotsa chimene sitigwiritsa ntchito n'kusiya chimene timalonjerana nacho tsiku lililonse. Akanalakwitsa chotere mzungu ndikanati ndi mlendo. Koma iwe unakulira pamaliro pamene agogo amatha kufotokoza chibale cha munthu mpaka mibadwo isanu.

Unati malamulo a kafukufuku nthawi imeneyo sankalola kuuza munthu zotsatira zake, ndipo lipoti unalitumiza ku maofesi oyenera. Chabwino. Ofesi ilibe makutu oti n'kugontha. Lamulo lakolo linatibisa kwa ife eni, koma kwa a Agustino silinatibise. Ndipo ngati lamulo linakumanga pakamwa chaka choyamba, linakumangabe zaka zonsezi, ukubwera patchuthi, ukudya nafe m'mbale imodzi?

Chachitatu unati ukhoza kulankhula ndi a Agustino pafoni ya kanema, koma kubwera mu Ogasiti n'kovuta chifukwa cha mphoto, mwina Disembala. Chimenecho ndichiyankha kumapeto, ndiyambe ndakuuza za Hana, poti pafoni paja unandidula ndisanafike pamenepo.

Hana ndi kamwana ka Hope kaja anakaona a Agustino. Unangokaona pazithunzi. Kanabadwa kakumva bwinobwino. Kanali katayamba kulankhula, kankati gogo, kankati madzi, ndipo nyama iliyonse, kaya galu kaya nkhuku, kankaitcha mee. Ine kankandidziwa ndi belu la njinga. Ndikaliza ndili kumsewu, kankatuluka m'nyumba kakudzandira.

Dzinja la chaka chatha kanadwala chibayo choopsa. Hope anathamangira nako kuchipatala, anakagoneka, anakabaya majakisoni masiku angapo, kanachira. Tinapita kukathokoza kutchalitchi. Patapita milungu tinaona kuti sikakucheuka tikakaitana. Tinkati ndi mwano wa ana. Tsiku lina Hope anagwetsa beseni lachitsulo kumbuyo kwake, nkhuku zonse zinathawa, iko kanapitiriza kuseweretsa chitsononkho.

Tinati za agogo ake a Lidia zabwerera, ndi chifuniro cha Mulungu. Tinamunamizira Mulungu, Priscilla.

Tsiku la a Agustino lija Hope analipo, ndipo Diana anamufunsa za matenda a Hana ndi za majakisoni aja. Anamvetsera mpaka Hope anamaliza. Kenako anati mankhwala amene kawirikawiri amabaya ana odwala chotero ndi apachibale ndi jakisoni wa chifuwa chachikulu amene analandira amayi. Anati malinga ndi pepala lako, chinthu chili m'magazi mwathuchi chimangogona, chimadzutsidwa ndi mankhwala a mtundu umenewo. Anatinso mankhwala ena alipo, dokotala akauzidwa amatha kusintha.

Ndinamupempha kuti andimasulire mawu omaliza a pepala lako. Anandimasulira. Unalemba kuti mabanja otere ayenera kudziwitsidwa msanga, kuti azichenjeza achipatala asanalandire mankhwala amenewa. Unalemba ndiwe, ndi dzanja lako, Hana asanabadwe, mayi ake akadali ku pulayimale.

Diana akuti kwanuko zipatala zina zimayamba zapima khanda zisanalibaye jakisoni ameneyu, ndipo zolemba ngati zako ndi zimene zinatsegula anthu maso. Ndikukondwera nawo ana amenewo, Mulungu awasunge. Koma magazi amene anawapulumutsa anatuluka pamkono wa Hope.

Achipatala sindiwada. Anaona mwana akubanika, anachita zimene anaphunzira, ndipo moyo wake anaupulumutsa. Iwo sankadziwa. Hope sankadziwa. Ine sindinkadziwa. Pa anthu onse okhudzidwa, wodziwa anali mmodzi, ndipo tsiku limenelo nambala yake inkakwera.

Ndakwiya, mlongo wanga. Ndakwiya kuposa mmene ndinakwiyirapo chibadwire, ndipo usayese kuti ndi ukalamba. Ndikaliza belu la njinga pakhomo pa Hope palibe amene amatuluka. Ndinalichotsa belulo, lili pawindo.

Ndayesa kukonza zimene ndingathe. Ndayenda m'mbumba yonse kuuza amayi kuti akapita kuchipatala azinena. Diana anatilembera dzina la mankhwalawo, aliyense akuyenda nalo. Koma nzeru zobwereka zimathera panjira. Anthu akundifunsa ngati kugonthako kungabwere popanda jakisoni. Akundifunsa ngati jakisoni wa malungo alinso m'gulu lomwelo. Ana anga ine akuti alibe vuto poti chimayenda mwa akazi okha, ndiye ena akuti ndikulankhula mosavuta chifukwa nyumba yanga sinapse. Choopsa kwambiri, amayi awiri a ku Mvera aleka kupititsa ana ku katemera, akuti amalume anati jakisoni amagonthetsa. Ndathetsa vuto limodzi n'kubala lina, chifukwa ndikuphunzitsa zimene sindinaphunzire.

Tsopano za Abigail. Kwaya analeka. Kusukulu amapita, akabwerako amadzitsekera. Lamulungu lapitali anabwera kwathu, anakhala pamkeka pafupi ndi alamu ako, napempha kuti aone pepala lija. Analiyang'ana nthawi yaitali, kenako anandifunsa kuti amalume, ine ndi kati pamenepa. Ndinamulozera.

Sanalire. Anati ndiye kuti tsiku lija anandipatsa siwiti, mayi aang'ono anandiika m'buku, ndipo anthu amene sindidzawaona akhala akudziwa za ana anga ine ndisanadziwe. Anafunsanso ngati si bwino kuti angomumasula Caleb akapeze mkazi wa magazi abwino. Mwana wa zaka makumi awiri ndi zitatu akulankhula za magazi ake ngati mbewu yofumbwa. Ndinangomuuza kuti adikire.

Caleb ndi mnyamata wolimba mtima. Amabwerabe pa njinga yake yamoto Loweruka lililonse, ndipo wanena poyera kuti mkazi wake ndi Abigail basi. Koma ukudziwa mpingo wathu sulembetsa ukwati popanda ankhoswe a mbali zonse. Amayi ake akuti safuna adzukulu osamva. Abigail naye wakana zothawitsana, akuti sangalowe m'banja la eni kudzera pawindo.

A Agustino si munthu woipa, ndipo ndikanakhala ine mwina ndikanachita chimodzimodzi. Ndinapita ku Ntchisi kukawauza za foni yako ya kanema. Anaseka pang'ono nati kandimverere anakanena za m'maluwa, nkhani ya mbumba sikambidwa pa kagalasi kogwira m'manja. Anati Diana ndi mwana wasukulu, akhoza kulakwitsa, ndipo ine ndavomera ndekha kuti sindidziwa. Amene anajambula mtengowu abwere adzauwerenge yekha pamaso pa mabanja onse awiri, amayi a Caleb adzamufunse mafunso awo akumuyang'ana m'maso.

Analonjeza kuti ngati n'zoona kuti chinthuchi chimangogona, ndipo pali njira yotetezera ana, tambala wa chinkhoswe adzamunyamula okha. Atipatsa mpaka Ogasiti atatha. Akapanda kukuona, adzabwera kudzatsanzika mwaulemu, nkhani n'kuthera pomwepo.

Ndiye za Disembala iwala. Mu Disembala udzapeza Rute atadya nkhuku zake yekha.

Ukanena za mphoto ndikumva. Unaigwirira ntchito, sindikukana. Ndikudziwa kuti unkawerenga ndi koloboyi mpaka m'mphuno kuda, ndikudziwa kuti kumeneko anakuyesa wopanda pake kangapo usanawagonjetse. Koma Ogasiti ali ndi masabata anayi, ndipo mphoto yako ili m'sabata yomaliza. Ndege zimauluka tsiku lililonse. Ngakhale zitawombana, mphoto siola. Akhoza kukulandirira alamu anga, kapena akakusungire mu kabati. Abigail sitingamusunge mu kabati.

Zimene ndikufuna kwa iwe ndi izi. Ubwere ukhale pamkeka, osati pampando wa alendo. Ufotokoze m'Chichewa chimene amayi anakuyamwitsa, mawu a Chingerezi uwasiye pabwalo la ndege. Uyankhe amayi a Caleb mpaka mafunso awathere. Uyankhe amayi a ku Mvera za katemera. Ndikuperekeze m'zipatala zimene mbumba yathu imapitako, ukalankhule ndi madokotala pakamwa, osati kudzera ku ofesi. Ndipo upite kwa Hope. Zimene ukamuuze sindikuphunzitsa, ndiwe pulofesa.

Mwina ukuganiza kuti ndaiwala chimene chinakutengera ku ntchito imeneyi. Sindinaiwale. Amayi atagontha sanaleke kuimba ku Chigwirizano. Ankayang'ana milomo ya anzawo, koma nthawi zonse ankatsalira mzere umodzi m'mbuyo. Nyimbo ikatha, tchalitchi chonse chili zii, iwo ankapitirizabe okha ndi mawu awo aakulu aja, ana n'kumaseka. Ine ndinkachita manyazi, ndinkayang'ana pansi. Iwe unali ndi zaka zisanu ndi zitatu. Unasiya kukhala ndi anzako, unkakhala pambali pawo, ndipo nyimbo ikamatha unkawakoka nsalu pang'ono kuti adziwe.

Ntchito yako yoyamba inali imeneyo, kuuza wa kwanu chimene ena onse akudziwa kale. Unkaichita bwino usanakhale ndi digiri ngakhale imodzi. Ndikungokupempha kuti uibwerere.

Chibale n'fupa, sichiola. Ukafika sindidzakukalipira pagulu, ukali wanga ndauthira m'kalata muno. Ndidzakuchingamira ndekha ku Lumbadzi, ndipo chipinda chako alamu ako achikonza kale, ngakhale ndawauza kuti asafulumire.

Mu envelopu muno ndaikamo tsamba lachinayi lija, a Agustino anandisiyira. Uona kuti ndalikonza pang'ono. Mtengo wako unathera pa Hope ndi Abigail, koma mbumba sinaime pamene unasiyira kujambula. Pansi pa Hope ndalemba kamzere ndi bolopeni, ndajambula kamkombero. Dzanja langa si la katswiri, kapotoka. Ndinakhala nako masiku awiri kali koyera, kenako ndinakadetsa ndekha, poti choonadi n'chimenecho. Ameneyo ndi Hana, umuonjezere pa nambala yako.

Pansi pa Abigail sindinajambule kanthu. Malo alipo.

Upereke moni kwa alamu anga ndi kwa ana, uwauze kuti amalume awo akuwafuna adzaone kwawo. Rute akupereka moni, alamu ako ndi Luke chimodzimodzi. Hope ndinamufunsa ngati ndikulembere moni wake, sanayankhe, ndiye sindimunamizira. Ambuye akusunge, akudalitse pa ntchito yako, ndipo akupatse ulendo wabwino.

Ndine mlongo wako,
kabokosi ka kumanzere pa mzere wachitatu,

Obadiya Chisenjere